Maphunziro aulere ali ndi mtengo wake

M'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zophunziriramo zidachepa, ana ambiri adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite kukoleji.

Mpaka lero mavutowa sadathe. Ndalama zambiri zimene boma limapereka ku maphunziro zimathera pa malipiro a aphunzitsi, kotero kuti za mabuku, madesiki ndi zimbudzi zimapereŵera. N'chifukwa chake makomiti a sukulu amapempha makolo ndalama yachitukuko kapena kuumba njerwa.

Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndalama imeneyi ikasowa pakhomo, mnyamata amathawira kudooko kukakoka khoka, mtsikana n'kukwatiwa akadali wamng'ono.

Choncho makolo, pitani kumisonkhano ya komiti. Funsani kuti ndalama imene boma latumiza pasukulupo ndi yochuluka bwanji ndiponso yagwira ntchito yanji. Limbikirani kuti mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa choti banja lake lalephera kusonkha.