Zigoli za Masukulu Nazonso Ndi Mbiri

Pa 29 Okutobala 1921, Centre College, sukulu yaing'ono ya ukachenjede ya m'tauni ya Danville ku Kentucky, inagonjetsa yunivesite yotchuka ya Harvard 6-0 pa mpira wa ku America, uja osewera amathamanga ataufumbata pachifuwa m'malo mouponda. Chaka cha 1920 Harvard inali itaswa timu yomweyi 31-14, choncho ambiri sanayembekeze zoterezi. Papita zaka zoposa 100, koma tikudziwabe kuti wogoletsa anali Bo McMillin ndipo mphunzitsi wa timuyo anali Charlie Moran. Tikudziwa chifukwa alipo amene analemba, ndipo alipo amene anasunga.

Zomba ndi mzinda wa masukulu, ndipo nkhaniyi ikuukhudza. Jeanes Training Centre inatsegulidwa ku Domasi mu 1929, sekondale ya Zomba Catholic inayamba mu 1942, ndipo Chancellor College inasamukira kunsi kwa phiri la Zomba mu 1973. Mibadwo ya ophunzira yatuluka thukuta pa mabwalo a masukuluwa, koma zambiri za masewero awo zimakhala m'mitu ya achikulire, ndipo aliyense wa iwo akatisiya amapita nazo kumanda. Chonsecho National Archives, nkhokwe ya zolembedwa za dziko lino yomwe inayamba mu 1947, ili mumzinda momwemu. Sukulu iliyonse ikanayenera kukhala ndi kaundula wa masewero: tsiku, bwalo, timu yolimbana nayo, zigoli, mayina a osewera ndi chithunzi cha timu, ndipo kope lina lizikasungidwa kunkhokweko chaka chikatha.

Ena anganene kuti sukulu yosowa mabuku ndi madesiki isataye nthawi ndi zigoli. Vutolo ndi lenileni, koma kaundula salira ndalama zambiri. Kope limodzi ndi mphunzitsi wa zamasewero wachidwi n'zokwanira. Enanso angati mpira wa ana si mbiri. Komatu mndandanda wa osewera umaulula zambiri: ophunzira ankachokera maboma ati, atsikana anayamba liti kupatsidwa bwalo, ndi sukulu ziti zinkayenderana. Umathandizanso osaka luso kudziwa kumene kukuphuka osewera. Wophunzira akaona dzina la agogo ake m'kaundula amaiyesa sukuluyo yakeyake, ndipo anthu otere ndi amene amabwerera kudzaitukula akakula. Aphunzitsi aakulu a ku Zomba angathe kuiyamba ntchitoyi teremu ikubwerayi, osadikira thandizo la wina aliyense.