Kanema wa Zidole Wopanda Nkhondo: Anthu Amukonderanji?

Chiyambi

M'phunziro la nkhani zamchezo ndi zolembedwa timauzidwa kuti nkhani yabwino imafunika kusamvana. Ampangankhani akangane, zinthu zifike pampondachimera, kenako pabwere mathero. M'chimangirizo chino ndiunika kanema wina amene sanalabadire kwenikweni lamulo limeneli, komabe anthu anamulandira ndi manja awiri. Kanemayu ndi Pokémon Concierge. Ndifotokoza zinthu zitatu zimene oonera ambiri ananena, ndipo ndionetsa kuti zonsezo gwero lake ndi momwe kanemayu anapangidwira.

Mbiri ya kanemayu

Pokémon inayamba m'dziko la Japan mu 1996 ngati masewera a pa Game Boy, ndipo mu 1997 inakhala katuni ya pa wailesi yakanema. Mu katuniyo mnyamata wotchedwa Ash ankayendayenda ndi Pikachu kugwira tizilombo n'kumatimenyanitsa pa mipikisano. Pokémon Concierge ndi mphukira ya nkhani imeneyi. Anaupanga ndi a Dwarf Studios a ku Tokyo, ndipo zigawo zinayi zoyamba zinatuluka pa Netflix pa 28 Disembala 2023. Zigawo zina zinatuluka mu Seputembala 2025.

Mpangankhani wamkulu ndi Haru, mtsikana wotopa ndi ntchito ya mu ofesi, amene apita kukagwira ntchito pa malo opumulirako tizilombo tija pa chilumba china. Tsiku loyamba bwana wake, mayi Watanabe, amuuza kuti angosangalala ngati mlendo, koma Haru zimukanika chifukwa anazolowera kupanikizika. Kumeneko apalana ubwenzi ndi Psyduck, kabakha kamanyazi kovutika ndi mutu. Mulibe mpikisano, mulibenso mdani woti agonjetsedwe.

Kapangidwe kake

Luso limene anagwiritsa ntchito pa Chingerezi amati stop-motion. Mmisiri amaika chidole pamalo n'kuchijambula, kenako amachisuntha pang'ono kwambiri n'kujambulanso. Zithunzizo zikaonetsedwa motsatizana mwachangu, maso amaona ngati chidolecho chikuyenda chokha. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ngakhale mmisiri atachepetsa n'kumajambula 12 zokha, mphindi imodzi imafuna zithunzi 720, ndipo chilichonse chimafuna dzanja la munthu. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene oonera ananena

Choyamba, ambiri ananena kuti kanemayu amakhazika mtima pansi. Ku Japan nkhani zotere ali nalo dzina lake, amati iyashikei, kutanthauza nkhani zochiritsa mtima. Ndikuona kuti kusamvana kulimo ndithu, koma kuli mumtima mwa Haru: iye akulimbana ndi maganizo akuti munthu wopuma ndi waulesi. Ambiri mwa amene anayamba kuonera Pokémon ali ana m'zaka za m'ma 1990 lero ndi akuluakulu apantchito, ndipo vuto la Haru ndi lawo lomwe. Zimenezi zikufanana ndi zomwe anthu amatsata akakwera phiri la Zomba kukakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi. Palibe amene amabwerako akudandaula kuti sikunachitike kanthu, pakuti bata lenilenilo ndilo anapitira.

Chachiwiri, oonera ankati amalakalaka atazikhudza zidolezo. Tizilombo timene kale tinali tongojambula tsopano tikuoneka ndi ubweya, ndipo kuwala kumagwa pa ito monga momwe kumagwera pa chinthu chenicheni. Chichewa chimafotokoza bwino zimenezi kudzera m'mivekero: nyanja ili phee, khungu la chidole lili see, ubweya uli wofuwofu. Mvekero umachititsa womvera kumva chinthu m'thupi mwake, ndipo kanema wa zidole amachita zomwezo kwa woonera.

Chachitatu, panali dandaulo lakuti zigawozo zinachepa komanso zinafupika, poti chilichonse sichinapitirire mphindi pafupifupi 20. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma likutsutsana ndi mfundo yachiwiri ija. Chimene chinakometsa kanemayu ndi ntchito ya manja, ndipo ntchito ya manja siithamangitsika. N'chifukwa chake oonera anadikira pafupifupi zaka ziwiri kuti alandire zigawo zina. Wofuna nsima ya ufa wosinja pamtondo ayenera kupirira kulira kwa munsi.

Nanga kuno kwathu?

Sindinganene kuti kanemayu ndi wotchuka ku Mbedza, dera la mu mzinda wa Zomba kumene ndimakhala. Netflix imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, intaneti ndi yodula, magetsinso amazimazima. Kanema wa zidole amene ndaona ana a kwathu akumudziwa ndi Shaun the Sheep, wopangidwa ndi a Aardman a ku Bristol. Nayenso ndi mphukira: nkhosayi inayamba kuoneka mu 1995 mu kanema wa Wallace ndi Gromit wotchedwa A Close Shave, ndipo inapatsidwa pulogalamu yakeyake mu 2007. Shaun ndi wanthabwala kuposa Haru, koma ali ndi phunziro kwa ife ophunzira ziyankhulo: mu kanemayu mulibe mawu omveka. Nkhosa zimangolira, mlimi amangong'ung'udza. M'nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika yathu mafilimu akunja ambiri amakhala ndi wotanthauzira m'Chichewa, koma Shaun safuna womasulira. Nkhope ya chidole ndi kayendedwe kake zimayankhula kwa Mchewa, Myao ndi Mlomwe chimodzimodzi.

Luso loumba zidole si lachilendo pakati pathu. Nyengo ya dzinja ana amaumba ng'ombe zadothi, n'kuziikira nyanga ndi linunda, ndipo ena amapinda magalimoto amawaya. Akatero amaziyendetsa ndi manja uku akuzipangira nkhani. Chimene chatsala kuti sewero limeneli likhale kanema ndi lamya yojambula, poiimika kuti isagwedezeke, ndi kuleza mtima. Nthano za Kalulu ndi Fisi tili nazo kale. Tikapanda kuyesa, ana athu adzakula akudziwa Psyduck ndi Shaun, Kalulu atamuiwala.

Mathero

Ndaonetsa kuti bata limene oonera anayamikira, chilakolako chawo chofuna kukhudza zidole, ndi dandaulo lawo la kuchepa kwa zigawo, zonse zikuchokera ku ntchito ya manja yochitika modekha. Kwa ine ngati wophunzira zolembalemba, kanemayu sakufafaniza lamulo la kusamvana, koma akulikulitsa. Munthu amene akuphunzira kupuma nayenso ali pa nkhondo, ndipo pali anthu ambiri ofuna kumva nkhani yake. Olemba nkhani m'Chichewa angachite bwino kuganizirapo.