Kulipira ndi Khadi: Ndani Amadulidwa?

Sitolo ya koperativa yathu imagulitsa mbewu, feteleza, makasu, mchere ndi sopo. Kale wogula aliyense ankabwera ndi ndalama m'manja. Lero ena amafunsa kuti, "Ndingalipire ndi khadi?" Ena amati, "Ndilipira pa foni." Tisanavomere, anzathu, tiyeni tidziwe kuti njira zimenezi zimatidyera zingati.

Khadi limagwira ntchito bwanji?

Khadi la ku banki, limene kuno timati cartão, timalilowetsa m'kamakina kotchedwa POS. Ndalama zimachoka m'akaunti ya wogula n'kulowa m'akaunti ya sitolo. Koma sizifika zonse ayi. Banki imene yatipatsa kamakinako imadula kachigawo pa malonda aliwonse. Kachigawoko imagawana ndi banki ya wogula, ndiponso ndi eni a njira imene malipirowo amadzera, monga SIMO ya kuno ku Mozambique, kapena Visa ndi Mastercard a kunja. Wogula amalipira mtengo wa katundu basi. Wodulidwa ndi wogulitsa, ndiye ifeyo.

Tiyeni tiwerengere

Banki iliyonse ili ndi mitengo yake. Apa tingoyerekeza kuti yathu imadula 2 pa 100 iliyonse. Tagula thumba la mbewu ku Tete. Pamodzi ndi ndalama za galimoto mpaka ku Fingoé, latidyera metikali 900. Taligulitsa pa metikali 1,000. Phindu lathu ndi 100. Banki yadula 20, ndipo ife tatsala ndi 80.

Taonani bwino apa. Banki imadula pa mtengo wonse wa thumba, osati pa phindu lokha. Choncho 2 pa 100 uja wadya gawo limodzi mwa magawo 5 a phindu lathu. Tikagulitsa matumba 50 mwa njira imeneyi, banki itenga metikali 1,000, mtengo wa thumba lathunthu. Ndi mmene nankafumbwe amathera chimanga m'nkhokwe, njere imodziimodzi.

Nanga foni?

Kwathu kuno ku Marávia anthu a foni ndi ambiri kuposa a khadi. Njira ya mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa ya Vodacom mu 2013, kenako kunabwera e-Mola ya Movitel. Kuyambira mu 2022 tingathe kutumiza ndalama kuchokera ku njira ina kupita ku inzake. Nazonso zili ndi mtengo, makamaka potulutsa ndalama kwa ajenti. Ngati wotigulitsa katundu alola, timulipire pa foni pomwepo m'malo motulutsa ndalamazo.

Kodi tikane khadi ndi foni?

Tisafulumire. Ndalama za m'manja nazonso zimatidyera. Munthu amalipira galimoto kuti akazisungitse ku banki, ndipo amataya tsiku la kumunda. Zikagona m'sitolo, akuba amamva fungo. Komanso aphunzitsi ndi anamwino amalandira malipiro awo kudzera ku banki. Tikawakana, akagula kwina.

Koma tisadalirenso makina okha. Mu Novembala 2018 njira ya SIMO inaima masiku angapo, ndipo makadi ambiri m'dziko muno anakana kugwira ntchito. Makina amafunanso magetsi ndi netiweki. Tsiku limene izi zasowa, ndalama za m'manja ndizo zimayendetsa malonda.

Tifunse tisanasaine

Safunsa anadya phula. Komiti yathu ikapita ku banki ifunse izi:
1. Mudula zingati pa 100 iliyonse?
2. Kodi kamakina kali ndi lendi ya pamwezi, ngakhale tisanagulitse kanthu?
3. Ndalama zathu zilowa m'akaunti patapita masiku angati?
4. Kamakina kakafa, akonza ndani, ndipo alipira ndani?

Mayankho alembedwe papepala, ndipo awerengedwe pamsonkhano wa mamembala onse. Msungichuma atsegule mzere watsopano m'buku la sitolo, wolembapo ndalama zonse zodulidwa. Pakutha pa mwezi tiziwonkhetse, tizifanizire ndi phindu limene khadi ndi foni zatibweretsera. Pamenepo tidzadziwa ngati kamakina kakutigwirira ntchito.

Ntchito

1. Lembani mawu awa: khadi, banki, phindu, mtengo.
2. Tagulitsa khasu pa metikali 500. Banki yadula 3 pa 100. Yatenga zingati?
3. Khasulo tinaligula pa metikali 440. Phindu lotsala ndi zingati?