Kodi nyemba zingadziteteze ku tizilombo?

Kwa Dambe, kumtunda kwa boma la Neno, nyemba zimadyedwa patatu: khwanya, zitheba, kenaka zouma. Nato tizilombo sitisiyako gawo lililonse.

Mdani woyamba ndi kantchentche kakuda kamene kamaikira mazira m'masamba nyemba zikangomera. Mphutsi yake imaboola kutsikira m'tsinde mpaka pafupi ndi nthaka. Mlimi amangoona mbewu zikuchita chikasu ndi kufota, n'kumati ndi dzuwa. Koma mukazula chomera chimodzi n'kung'amba tsinde ndi chikhadabo, mupeza latupa, lang'aluka, ndipo mkati muli kachilombo kofiirira kapena kakuda kongaposa pang'ono njere ya mawere.

Mitundu ina ya nyemba imapulumuka chifukwa imatulutsa mizu yatsopano pamwamba pa balalo. N'chifukwa chake kukwezera dothi patsinde kumathandiza kwambiri, makamaka nthaka ikakhala yachonde ndipo mwadzala msanga. Masamba nawo ali ndi chida chawo: ubweya wopindika ngati mbedza umene umakola nsabwe za m'mbewu, zomwe zimafalitsa matenda opiringiza masamba. Kwa anthu othyola khwanya, chitetezo chotere n'chofunika zedi, pakuti tsamba lopoperedwa mankhwala dzulo siliyenera kulowa mumphika lero.

Nkhani ya anankafumbwe ndiye yovuta. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a bungwe la CIAT ku Colombia anapeza kuti nyemba zina zakutchire za ku Mexico zili ndi puloteni yotchedwa arcelin, imene imalepheretsa mphutsi za nankafumbwe kukula mkati mwa njere. Vuto n'lakuti anankafumbwe a nyemba alipo mitundu iwiri. Arcelin amagonjetsa bwino mtundu wokonda malo otentha ngati kunsi ku Lisungwi, koma sachita zambiri pa mtundu wa kumalo ozizira ngati kwa Dambe, umene umayamba kuikira mazira nyemba zikadali kumunda.

Choncho wogulitsa mbewu akati "izi n'zopirira," mufunseni kuti zikupirira chiyani. Napilira, yemwe anatulutsidwa m'chaka cha 1995 kudzera mu kafukufuku wa ku Chitedze, amadziwika ndi kupirira matenda ena a masamba komanso nthaka yoguga, koma mukamusunga m'thumba wamba adzafumbwa ndithu. Kololani zikangokhwima, yanikani padzuwa mpaka njere izilira mukailuma, kenaka sungani m'matumba a PICS, osalowa mpweya aja.