Diso la droni pamwamba pa dambwe: mkangano wa zilolezo ku Chifunde

Chiyambire chaka cha 2024, pamene Nyumba ya Malamulo ya dziko la Mozambique idavomereza lamulo la kajambulidwe ka malo kuchokera mumlengalenga pa ntchito zosakhudza usilikali, munthu wofuna kuulutsa droni, kandege kopanda woyendetsa mkati komwe kamanyamula kamera, amayenera kuganiza za chilolezo asanaganize za chithunzi. Lamuloli lidaika mphamvu yovomereza ntchito zotere m'manja mwa nduna yoona za chitetezo cha dziko, ndipo silidalekezere pa kujambula pokha, popeza limakhudzanso kuchulukitsa zithunzizo, kuzipereka kwa ena ndi kuzifalitsa.

Boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete, lili kutali kwambiri ndi Maputo kumene malamulo amalembedwa, koma droni zafika kale. Zina zimabwera ndi oyeza malo a golide ndi minda ya fodya, zina ndi anyamata ojambula maukwati ndi ziliza, ndipo popeza msewu wochokera mumzinda wa Tete umadutsa m'bomali n'kukalowa m'dziko la Zambia pachipata cha Cassacatiza, droni yokwera pafupi ndi malirewo imatha kujambula maiko awiri m'chithunzi chimodzi.

Chimene chidachitika m'mudzi wina wa kudera la Mualadzi m'nyengo ya chilimwe chikuonetsa mbali ya nkhaniyi imene mapepala a boma saifikira. Pamudzipo padali bona, mwambo wokumbukira munthu amene adamwalira kale, ndipo ana a malemuyo amene amagwira ntchito ku Johannesburg adalemba mnyamata wojambula kuti awatumizire mwambo wonse pa WhatsApp. Masana ng'oma zitakolera, ng'oma ya mbalule ikulira pamwamba pa zinzake, amayi atandanda m'mbali mwa bwalo akuomba m'manja ndi kupolokozana nyimbo, mnyamatayo adaika kandege kake pa chitenje chimene adayala kuseri kwa nkhokwe n'kukakweza. Pafoni imene idamangiriridwa ku chowongolera padaoneka bwalo lonse lozungulira, fumbi lofiira likutsata mapazi a kapoli, chilombo cha Gule Wamkulu, ndipo ana oposa khumi adapanikizana kumbuyo kwake, ena atakwera pamtondo wogubuduzika kuti aone bwino. Pofuna kuti mudzi wonse ulowe m'chithunzi, iye adakweza droniyo pamwamba pa mitengo ya mango, ndipo pomwepo pafoni padatulukira msitu wa kumanda, kanjira kochokera kudambwe, kumene Gule Wamkulu amakonzekera mobisika, ndiponso liunde, malo apafupi ndi bwalo amene ovina amadikirirapo. Tsabwalo, mkulu woyang'anira bwalolo, adakweza dzanja ng'oma n'kuleka pakati pa nyimbo. Mnyamatayo adauzidwa kuti atsitse kandegeko, amuna ometa okhaokha, omwe adalowa mwambo wa gule, adapita naye pambali kukaona zimene adajambula, mbali yonse yoonetsa msitu idafufutidwa iwo akupenya, ndipo eni bona adalipa mbuzi kwa mfumu gule asanayambirenso.

Pamenepa ndi pomwe pagona mkangano. Ojambula achinyamata amati ntchito ya pabanja, monga ukwati kapena bona, iyenera kumasulidwa ku zilolezo zolemetsa, chifukwa munthu wolandira ndalama zochepa pa tsiku limodzi sangathe kuyenda ulendo wautali kukalondola pepala lofanana ndi la kampani yoyeza migodi. Amanenanso kuti manda omwewo amaoneka kale pa Google Earth kwa aliyense amene ali ndi foni ndi intaneti, popanda wopempha chilolezo kwa munthu. Akuluakulu a mudzi salimbana ndi boma pa za mapepala, koma amaumirira kuti ngakhale pepalalo litakhala ndi chidindo cha nduna, silipatsa munthu wosameta ufulu woona zakudambwe, ndiponso silimupatsa ufulu wozionetsa kwa amayi ndi ana.

Pa mfundo ya zithunzi za setilaiti, akuluakuluwo ali ndi chifukwa cholimba kuposa achinyamata. Chithunzi cha setilaiti chimakhala chakale, chimaonetsa nsonga za mitengo zokha, ndipo munthu sazindikirika pamenepo, pamene droni imatsika mpaka kuonetsa nkhope, imatsatira munthu akuyenda, ndipo zimene yaona zimatha kufika pa Facebook ng'oma zisanazizire. Lamulo limene laikidwa m'manja mwa oona za chitetezo limayang'ana choyamba zinsinsi za boma, monga misasa ya asilikali, malire a dziko ndi damu la Cahora Bassa, pomwe chinsinsi cha mudzi chimatetezedwa ndi mfumu ndi mwambo basi. Izi n'zodetsa nkhawa makamaka pokumbukira kuti Gule Wamkulu adazindikiridwa padziko lonse mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo kutchuka kumeneko kumakoka alendo okhala ndi makamera, monga zimaonekera mwezi wa Ogasiti ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, komwe Achewa a ku Chifunde amapitanso.

Komabe dandaulo la achinyamata silingatayidwe lonse. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza ufulu wa anthu okhala pamalo motsata mwambo wa makolo, ndipo chithunzi cha pamwamba choonetsa malire a munda, kapena mtsinje umene okumba golide audetsa ndi matope, ndi umboni umene mlimi wosauka angaugwiritse ntchito pamlandu. Chilolezo chikavuta kupeza, wopindula ndi amene ali ndi ndalama ndi galimoto.

Ojambula ena ayamba kufika kaye kwa mfumu ndi kupempha kuti munthu wometa aime pambali pawo kuyang'ana foni nthawi yonse imene droni ili m'mwamba. Nthawiyo sikhala yaitali, chifukwa batire la droni zotsika mtengo limatha pasanakwane mphindi 40 ndipo m'midzi yambiri limatchajidwa pa sola, pamene zilombo zikuluzikulu za gule zoluka ndi makoko a chimanga zimatuluka usiku, nthawi imene makamera otere sajambula bwino.