Makina olondola mfuti za apolisi ndi asilikali: mmene agwilila nchito

Pa 23 December 2020, amuna awili anafa ataombeledwa ndi mfuti pafupi ndi likulu la apolisi mu mzinda wa Lusaka. Mmodzi anali loya woimila boma pa milandu, winayo anali wotsatila cipani ca UPND. Izi zinacitika pamene apolisi anali kubalalitsa khamu la anthu limene linapelekeza a Hakainde Hichilema, omwe panthawiyo anali mtsogoleli wa cipani cotsutsa, kukafunsidwa mafunso. Dziko lonse linafuna kudziwa amene anaombela. Panapita miyezi iwili, ndipo mu February 2021 wapolisi mmodzi anamangidwa ndi kuimbidwa mlandu wakupha.

Funso lotele limabuka m'maiko ambili. Ku Marikana m'dziko la South Africa, apolisi anapha anthu 34 ogwila nchito m'migodi pa 16 August 2012. Bungwe lofufuza lotsogoleledwa ndi woweluza Ian Farlam linamva umboni kwa zaka ziwili, ndipo cimodzi mwa zovuta cinali kudziwa mfuti ya wapolisi imene inapha munthu aliyense. Mavuto a mtundu uwu ndiwo acititsa makampani ndi maboma ena kufuna njila zakuti mfuti izisunga yokha mbili ya mmene yasewenzetsedwela.

Njila yakale

Kwa zaka zambili, magulu a citetezo akhala akudalila buku la m'nyumba yosungilamo zida. Wapolisi kapena msilikali akatenga mfuti, amalemba dzina lake, nambala ya mfutiyo ndi ciwelengelo ca zipolopolo, kenaka amasaina. Pobweza amacitanso cimodzimodzi. Munthu akaombeledwa, akatswili amapima cipolopolo ndi khoko lake, cifukwa mfuti iliyonse imasiya timizele take-take pa zinthu ziwilizi.

Njila imeneyi ili ndi malile. Buku lingasowe kapena kulembedwa pambuyo pa zocitika. Wapolisi angabweze zipolopolo zokwanila atazipeza kwina. Cipolopolo cingaphwanyike m'thupi, kapena kupyoza ndi kusowelatu. Zikatelo, ofufuza amatsala ndi mau a mboni cabe.

Cizindikilo coyankha mafunde a wailesi

Njila yoyamba ya makono ichedwa RFID. Kacipangizo kakang'ono kokhala ndi nambala kamamatidwa kapena kubisidwa mkati mwa mfuti. Mtundu wofala wa kacipangizoka ulibe batili. Makina owelengela akatumiza mafunde a wailesi, kamatenga mphamvu ku mafundewo ndi kuyankha nambala yake. Motelo wosunga zida angawelenge mfuti zambili m'mphindi zocepa, ndipo kompyuta imalemba mfuti imene yatuluka, nthawi yake ndi amene waitenga.

Njilayi colinga cake cacikulu ndi kucepetsa kubedwa kwa zida. Mu 2021, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linapeza kuti mfuti zosacepela 1,900 za asilikali a dziko la America zinasowa kapena kubedwa m'zaka za kuyambila 2010 mpaka 2019, ndipo zina zinapezeka m'manja mwa zigawenga. Ku South Africa, Christiaan Prinsloo, amene anali mkulu wa apolisi, anapatsidwa cilango ca zaka 18 m'ndende mu 2016 cifukwa cogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenela kuonongedwa. Zambili zinakafika kwa magulu a zigawenga a ku Cape Town.

Makina owelenga kulila kwa mfuti

Njila yaciwili ndi kacipangizo kamene kamawelenga kuti mfuti yalila kangati. Kampani ya FN Herstal ya ku Belgium inaonetsa kacipangizo kotele mu 2009, ndipo pambuyo pake inakacha FN SmartCore. Kamaikidwa mkati mwa mfuti ndipo sikafuna batili, cifukwa kamapeza mphamvu ku kugwedezeka kwa mfutiyo ikalila. Kamatha kusiyanitsa zipolopolo zenizeni ndi zija zophunzilila zimene zimangolila cabe. Zimene kasunga zimawelengedwa ndi makina ena amene amabweletsedwa pafupi, ndipo zimalowa m'kompyuta.

Opanga anakonza kacipangizoka kwenikweni kuti asilikali adziwe nthawi yokonza mfuti kapena kusintha ziwalo zake, monga mmene makina a m'galimoto amaonetsela makilomita amene yayenda. Koma ciwelengelo comweco cingakhale umboni. Ngati mfuti inatuluka m'mawa, ndipo madzulo yabwela ciwelengelo citakwela ndi zitatu, amene anaitenga sangakane kuti inalila.

Mfuti yolumikizana ndi kamela ndi foni

Njila yacitatu imadziwitsa ena nthawi yomweyo. Mu 2014, kampani ya Yardarm Technologies inayesa kacipangizo koikidwa m'cogwilila ca mfuti yaing'ono ndi apolisi a ku Santa Cruz ku California ndi a ku Carrollton ku Texas. Wapolisi akasolola mfuti kapena kuombela, kacipangizoka kanali kutumiza uthenga ku foni yake, ndipo foniyo inali kudziwitsa a ku likulu malo amene iye ali. Phindu loyamba linali la wapolisi mwiniwake, amene pa ngozi sakhala ndi mpata woitana thandizo.

Mu 2017, kampani ya Axon inatulutsa kacipangizo kochedwa Signal Sidearm, komangilila pa thumba la mfuti la m'ciuno. Mfuti ikangosololedwa, makamela ovala pa cifuwa a apolisi amene ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 9 amayamba kujambula okha. Izi zimacotsa cifukwa cakuti wapolisi anaiwala kuyatsa kamela. Kampani yomweyo ndiyo imapanga Taser, cida coumitsa thupi ndi magetsi, cimene cimalemba tsiku, nthawi ndi utali wa mphindi zimene casewenzetsedwa. Zolembedwazi zakhala zikupelekedwa monga umboni m'makhoti.

Cifukwa cimene asilikali ena akanila

Kwa msilikali, cida cimene cimaulula malo ake cingamuphetse. Mu September 2021, Associated Press inafalitsa zotsatila za mayeso amene akatswili a makompyuta anacita. Iwo anatha kuzindikila cizindikilo ca RFID ca m'mfuti ali pa mtunda wa mamita 64, posewenzetsa zipangizo zimene munthu wamba angagule. Anaonetsanso kuti nambala ya cizindikilo ingakopedwe. Kutanthauza kuti wakuba angasiye cizindikilo cabodza mosungila zida, kompyuta ndi kumaonetsa kuti mfuti ilipo pamene inacoka kale. Gulu la asilikali la Marines linakana njilayi, ndipo asilikali a pamadzi a dzikolo anati aileka.

Apa ndi pamene zofuna za apolisi ndi za asilikali zisiyanila. Wapolisi amagwila nchito pakati pa nzika, atavala yunifolomu kuti aonekele, ndipo lamulo limafuna kuti afotokoze cifukwa cimene waombela. Msilikali ku nkhondo amadalila kubisala. Ndico cifukwa cake makina osunga ciwelengelo mwakacetecete amalandilidwa mosavuta ndi asilikali kuposa aja otumiza mauthenga.

Palinso nkhani ya ndalama. Makinawa amafuna magetsi, makompyuta, mafunde a foni ndi anthu ophunzitsidwa. Mfuti zambili za m'maiko a mu Africa, monga AK-47, zinapangidwa popanda malo oikamo zipangizo zotele, ndipo kuzisintha zonse ndi nchito yodula.

Zimene mapangano a maiko afuna

Mapangano amene alipo amayambila pa zinthu zapafupi, zomwe ndi nambala ndi zolembedwa. Mu August 2001, maiko a SADC anasainila ku Blantyre pangano loyang'anila mfuti ndi zipolopolo, ndipo linayamba kugwila nchito mu 2004. Mu 2005, bungwe la United Nations linavomeleza ndondomeko yolondola zida zing'onozing'ono. Ndondomekoyi imafuna kuti mfuti iliyonse ikhale ndi cizindikilo coonetsa dziko limene inapangidwila ndi nambala yake, kuphatikizapo mfuti za apolisi ndi asilikali. Zolembedwa za kapangidwe ka mfuti ziyenela kusungidwa kwa zaka zosacepela 30, ndipo zolembedwa zina kwa zaka zosacepela 20. Dziko la Zambia linavomelezanso mu 2016 pangano la malonda a zida la Arms Trade Treaty.

Palibe mwa mapangano amenewa limene limakakamiza dziko kuika makina a magetsi m'mfuti. Ngakhale n'telo, makinawa sangathandize ngati maziko aja palibe. Kacipangizo kangaonetse kuti mfuti yakuti inalila kawili, koma ngati palibe colembedwa coona ca amene anaitenga tsikulo, umboniwo sufika kwa munthu.

Makina sanganenenso ngati kuombelako kunali koyenela. Zimenezo zimagamulidwa ndi khoti. Nkhani ina yaikulu ndi ya amene asunga zolembedwazo. Zikakhala m'manja mwa gulu lomwelo limene likufufuzidwa, cikaiko ca anthu sicitha. M'dziko la Zambia muli mabungwe monga Police Public Complaints Commission ndi Human Rights Commission, amene nchito yawo ndi kumva madandaulo a anthu ndi kufufuza. Kulikonse kumene makina otele angaikidwe, phindu lawo kwa banja la wophedwa, ndiponso kwa wapolisi wonamizilidwa, limadalila pa lamulo lopatsa ofufuza oima paokha mphamvu yoona zolembedwazo zisanasinthidwe.