Nyama ya M'citini: Kodi Muli Ciani M'kati Mwake?

Lero tikambirana za cakudya cimene ambiri a inu munaciona m'sitolo, ndico nyama yogayagaya ya m'citini, imene pa Cingelezi amaicha luncheon meat. Ana ena akaiona amameza malovu, naganiza kuti mnzawo amene wabwera nayo ku sukulu adya bwino kupambana iwo amene abwera ndi nshawa zokazinga. Tiyeni titsegule citinico tione ngati maganizo otere ali oona.

Nzeru yosunga cakudya m'zotengera zotsekedwa inayambira ku France, kumene Nicolas Appert anafalitsa njira yake ya mabotolo mu 1810. Caka comweco Peter Durand wa ku England analembetsa njira yosungira m'zitini. Nyama imene tikukambayi inachuka ndi dzina la Spam, imene kampani ya Hormel ya ku Austin, m'cigawo ca Minnesota ku America, inayamba kugulitsa mu 1937. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945 zitini zosawerengeka zinatumizidwa kwa asilikali, popeza nyamayi imakhala nthawi yaitali osavunda ngakhale palibe furiji.

Cifukwa cake n'cotani? Ku fakitale amagaya nyama ya nkhumba, kapena ya nkhuku, kapena ya ng'ombe, naisakaniza ndi madzi, mcere, shuga, sitachi ndi mankhwala ochedwa sodium nitrite, amene amaipatsa maonekedwe ofiirira ndi kuletsa tizirombo kuswana. Atatero amatseka citini zolimba, naiphika nyamayo ili momwemo. Kutentha kumapha tizirombo tam'kati, ndipo citini cimaletsa tina kulowa.

Tsopano kumbukirani magulu atatu a zakudya: zomanga thupi, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. M'magalamu 100 a Spam muli magalamu pafupifupi 13 a zomanga thupi. Mulinso ayironi pang'ono wothandiza magazi, ndi mavitamini a gulu la B. Izi n'zabwino. Koma m'magalamu 100 omwewo mafuta apitirira magalamu 25, ndiko kuti mafuta aposa zomanga thupi kawiri. Vitamini C, amene timapeza m'masamba ndi m'zipatso, mulibe wokwanira kuteteza thupi.

Yerekezani ndi zakudya zathu. Magalamu 100 a nshawa ali ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 25. Kapenta wouma wa ku nyanja ya Tanganyika kapena ya Kariba ali ndi magalamu oposa 50, ndipo popeza timamudya ndi minga yomwe, amatipatsanso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. Motero mwana wa nshawa zokazinga uja asacite manyazi, pakuti thupi lake likumangidwa bwino, ndipo makolo ake sanataye ndalama zambiri.

Cina coyenera kusamala ndi mcere. Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiwo ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo mwana adye wocepa kuposa pamenepo. Citini cimodzi ca Spam ca magalamu 340 cili ndi mcere pafupifupi magalamu 12. Mcere woculuka umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene amaononga mtima ndi impso mwakacetecete. Mu 2015 akatswiri a bungwe lomweli anatsimikizanso kuti kudya kawirikawiri nyama zokonzedwa motere, monga masoseji ndi polony, kumaonjezera ngozi ya khansa ya m'matumbo. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Sitikunena kuti nyamayi ndi poizoni, iai. Pa ulendo wautali, kapena pamene madzi osefukira adula mseu, citini cimathandiza. Koma ikhale ya apo ndi apo. Mukaiphika, duleni tizidutswa, phatikizani tomato, anyezi ndi masamba ambiri, ndipo musathirenso mcere.

Gwirani malangizo awa. Onani tsiku lolembedwa pa citini musanagule. Citini cotupa, cobooka kapena cadzimbiri musacidye, ngakhale kulawa, cifukwa mungakhale ululu wakupha umene suoneka ndi maso. Mukatsegula, ikani nyama yotsala m'mbale yoyera yovundikira. Ngati kwanu kulibe furiji, ithe pa cakudya comweco.

Aphunzitsi, phunziroli likatha bweretsani zitini zopanda kanthu, zotsukidwa bwino ndi zosacheka m'mphepete. Ana awerenge zolembedwa pa pepala la citini, alembe pa bolodi magalamu a zomanga thupi, mafuta ndi mcere. Kenaka afunse mtengo wa citini ku sitolo, ndi kuculuka kwa kapenta kapena nshawa zimene ndalama yomweyo ingagule pa msika. Yankho akalifotokoze kwa makolo awo madzulo. Tsalani bwino, ana inu.